Ng'ombe ziwiri zinathera pa turbo ya galimoto yanga



Ine ndine mlimi wa fodya ndi chimanga, sukulu ndinalekera kalasi yachisanu, ndiye musayembekezere mawu a injiniya. Ndaimirira chifukwa cha nkhani inabuka mwezi watha ija, yoti galimoto ya gulu lathu yomwe timatutira zokolola tiyiikire turbo kuti izikwera bwino mitunda. Achinyamata anaomba m'manja, ine ndinangoti zii. Potuluka amayi ena anandiimitsa n'kundifunsa kuti, "Kodi abambo, si inu munaika chinthu chimenechi pa galimoto yanu? Nanga mukubisa chiyani?" Lero ndinena zonse, ngakhale zina ndi zochititsa manyazi.

Mu 2019 fodya anandikomera. Ndinapita ku Tete n'kugula Toyota Hilux yakale, ya injini yomwe amisiri amaitcha 2L. Ndi injini ya dizilo, kapena kuti gazoleo monga timanenera kuno, ya masilinda anayi, malita 2.4, yopanda turbo. Mphamvu yake ili cha m'ma mahatchi 80, ndipo apo ikadali yatsopano. Yanga inali itayenda kale zaka zambiri. Pamalo athyathyathya inalibe mlandu. Koma nonse mukuudziwa msewu wathu wa N303 wochokera pa Bene kudzera kuno ku Fingoé kupita ku Zumbo. Ndikalongeza matumba, pa mitunda ina anyamata a njinga zamoto amandipitirira akundiimikira dzanja, tsiku lina mpaka mwana wothamangitsa mbuzi anayenda nane limodzi. Chimene chinkandidabwitsa n'choti ndikakhala ku Tete galimoto imakoka bwinoko, ndikafika kuno n'kukhala ngati yadwala malungo.

Chifukwa chake ndinachimva pambuyo. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto ngati ya petulo. Imakoka mpweya n'kuufinya kwambiri mpaka utenthe, kenako bomba imapopera mafuta mu mpweya wotenthawo, mafutawo amayaka okha. Tsono mafuta sangayake kuposa mpweya umene ulipo. Mzinda wa Tete uli pansi m'mphepete mwa Zambezi, sufika mamita 200 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene ife kuno tili pamwamba kupitirira mamita 800. Kumtunda mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo ikakwera mamita 1000 imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake. Onjezanipo kukalamba kwa injini ndi fumbi lathuli, mupeza chimene chinkandivuta.

Nanga turbo n'chiyani? Amene munaonapo akusula makasu ndi nkhwangwa mukuudziwa mvukuto. Makala omwewo, ukawapemerera ndi mvukuto amafiiritsa chitsulo. Turbo ndi mvukuto wa injini, koma sapukusa munthu ayi. Muli timapiko tiwiri pa mtengo umodzi wachitsulo. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kaphiko kamodzi, ndiye kanzake kamakankhira mpweya wambiri mu injini. Timapikoti timazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi imodzi. Si nzeru ya dzulo iyi, anaitulukira munthu wa ku Switzerland dzina lake Alfred Büchi mu 1905, agogo athu asanaone n'komwe galimoto.

Mu 2021 mmisiri wina wa pa ofisina ina ku Tete anandiuza kuti ali ndi turbo yochotsa ku galimoto ya ngozi. Anati, "Patrau, ndikaika iyi mudzakwera phiri ndi giya yachinayi." Ndinabwera kunyumba n'kuwauza amayi a kunyumba kuti ndigulitsa ng'ombe ziwiri. Iwo anati, "Inu bambo a ana, ng'ombe zimaswana, chitsulocho chidzaswa chiyani?" Sindinamve. Ndinagulitsa.

Ntchito yake si yongomangirira ngati belu la njinga. Anasintha chitsulo chotulutsira utsi cha pambali pa injini kuti turbo ikhalepo. Anakoka paipi ya oyilo kupita ku turbo, n'kuboola beseni la oyilo la pansi pa injini kuti oyiloyo azibwerera. Paipi yobwezayi iyenera kutsetsereka bwino, chifukwa oyilo amatsika yekha, palibe chomukankha. Anasinthanso mapaipi a mpweya. Koma bomba ya mafuta anasiya yomwe ija, ndipo radiyeta sanaigwire.

Ndisaname, miyezi yoyamba inali yokoma. Ukaponda moto kamluzu kaja kamati fyiii, galimoto n'kunyamuka ngati yamwa thobwa. Utsi wakuda umene unkatuluka pa mtunda unatha, chifukwa tsopano mafuta amapeza mpweya wokwanira. Pamene ndinkakwera ndi giya yoyamba ndinayamba kukwera ndi yachiwiri. Ndikanakhutira pamenepo, mwina lero ndikanaima pano kuitamanda turbo.

Chinandipha ndi dyera. Pa bomba pali kasikuluwu kowonjezera mafuta, a ku fakitale amakatsekera dala kuti munthu wamba asakagwire. Mlamu wanga anandisonyeza. Ndinachotsa chotsekeracho, n'kupotoza pang'ono ndi sipanala. Galimoto inawonjeza mphamvu. Patatha sabata ndinapotozanso. Utsi wakuda unabwerera, wochuluka kuposa kale, moti ana a pamsika anaipatsa dzina loti Chiutsi. Ine ndinkanyada, kumaganiza kuti utsi ndiye mphamvu. Achinyamata mvetsetsani apa, utsi wakuda ndi mafuta amene sanapse bwino, ndi ndalama zanu zikuuluka, ndipo mkati mwa injini moto umakhala utapyola muyeso.

Mwezi wa July 2022 ndinalongeza chimanga matumba 30 a makilo 50. Galimoto ya tani imodzi, ine tani ndi theka. Pa mtunda wautali wina ndinakana kutsitsa giya, kufuna kuti anthu anali kumbuyo aone kuti ndakwera ndi yachitatu. Phazi pansi, injini ikubuula, utsi uli tolo. Singano ya kutentha inali pakati monga mwa masiku onse. Mwadzidzidzi inathamangira kofiira, madzi n'kuphulika kutsogolo. Tinadikira izizire, tinathira madzi ena, n'kuliza. M'radiyeta munayamba kubwata thovu ngati mowa wa masese, kumbuyo kukutuluka utsi woyera. Tinagona kutchire usiku uwiri tikulondera chimanga. Amayi awiri amene anali ndi matumba awo anachita kulipira galimoto ina, ndalama yake ndinabweza ine.

Galimoto inakokedwa mpaka kwa mmisiri wachikulire wa kutsidya kwa malire, cha ku Katete. Atatsegula anandiitana kuti ndione ndekha. Chophimbira cha pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, chija ku Tete amati junta, kwa iwo amati gasiketi, chinali chitapsa. Mutu unali utang'aluka pakati pa mavavu. Pisitoni imodzi pamwamba inali yodyeka ngati yalumidwa ndi khoswe. Madalawo sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Mwana wanga, wapotoza kangati?"

Zimene anandiphunzitsa ndi izi. Injini ya 2L imafinya mpweya pafupifupi ka 22. Mnzake amene anatuluka ku fakitale ali kale ndi turbo, wotchedwa 2L-T, amafinya ka 20 kapena 21, ndipo anachepetsa dala chifukwa turbo yakankhira kale mpweya wambiri. Ukaika turbo pa injini yofinya kwambiri, n'kuwonjezeranso mafuta, junta ndi mutu zimasenza katundu amene sizinapangidwire. Komanso bomba ya injini ya turbo ili ndi kachipewa pamwamba kolumikizidwa ndi kapaipi ka mpweya. Kachipewako kamawonjezera mafuta pokhapokha turbo ikayamba kukankha. Bomba yanga inalibe, ndiye nditapotoza kasikuluwu inkathira mafuta ambiri ngakhale pamene injini ikuzungulira pang'onopang'ono, turbo isanadzuke. Chinandiwawa kwambiri ndi ichi: ngakhale 2L-T ya ku fakitale ili ndi mahatchi cha m'ma 90 basi. Eni ake, ndi nzeru zawo zonse, anangowonjezera pang'ono, ine wa kalasi yachisanu ndinkafuna mphamvu za lole.

Za singano ija anati isakunamizeni. Imayeza kutentha kwa madzi, ndipo madzi amachedwa. Moto wa utsi umakwera msanga, ukangoponda kwambiri pa mtunda, singano ya madzi ikadali mtulo. Mapisitoni ndi a aluminiyamu, chitsulo chomwe chija amisiri a mapoto amagula n'kusungunula, ndipo aluminiyamu amasungunuka cha pa madigiri 660.

Kukonza kunadya ndalama zonse za fodya wa chaka chimenecho, feteleza wa chimanga ndinachita kukongola. Turbo sitinaichotse, koma zinthu tinazichita mwina. Mutu wina, junta yatsopano, mapisitoni ndi maringi. Bomba ndi manozo zinapita ku Tete kwa amene ali ndi makina oyezera, anazitchera pa makina, osati ndi khutu, n'kutsekanso kasikuluwu kaja. Turbo anaichepetsa kuti isakankhe kupyola theka la bar, ndiwo muyeso wa kukankha kwa mpweya. Radiyeta anaitsegula n'kuitsuka, inali itadzaza matope chifukwa ndinkathira madzi a m'mitsinje. Paipi ya ekizozi anaika yokulirapo kuti utsi usapanikizike. Pomaliza anandiikira kawotchi koyeza kutentha kwa utsi, nati singano yake ikayandikira 650 ndichotse phazi ndi kutsitsa giya, kaya kumbuyo kuli ndani akundiseka.

Kuyambira 2023 ikuyenda. Imakoka bwino kuposa mmene ndinaigulira, sifuka utsi, ndipo ndikayendetsa mofatsa mafuta sasiyana kwenikweni ndi kale. Koma yakhala ngati mwana wakhanda. M'mawa ndimailiza n'kudikira oyilo afike ku turbo. Ndikafika pa ulendo sindizimitsa nthawi yomweyo, ndimaisiya ilire mphindi ziwiri kapena zitatu, apo ayi oyilo amapserera mu turbo yotentha. Oyilo ndimasintha msanga. Sefa ya mpweya ndimaiona sabata iliyonse nthawi ya chilimwe, chifukwa fumbi likadutsa limapala timapiko tija ngati mchenga pa mpeni. Dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu ndimayamba ndamusefa, ndipo ndikamukayikira ndimamusiya.

Pali choopsa china chimene aliyense woyendetsa ayenera kudziwa, ndinachiona ndi maso pa galimoto ya munthu wina. Turbo ikatha mkati imatha kutayira oyilo mu paipi ya mpweya, injini n'kuyamba kuyaka ndi oyilo wake womwe. Imakuwa mochititsa mantha, utsi woyera kutseka msewu, ukazimitsa kiyi siizima. Anthu anathawa. Chochita n'kuika giya yapamwamba, kuponda buleki mwamphamvu n'kusiya kilachi kuti injini itsamwe, kapena kutseka polowera mpweya ndi thabwa. Osatseka ndi dzanja, osatseka ndi nsanza, imameza.

Tsono ndibwere ku galimoto ya gulu. Dzulo ndinapempha a msungichuma kuti tiilize. Nditatsegula pothirira oyilo panatuluka utsi wopuma ngati mphika wa nyemba, kusonyeza kuti maringi atopa. M'mawa imavuta kulira. Sefa ya mpweya nditaigogoda panatuluka fumbi lodzaza chikho. Palibe amene akukumbukira tsiku lomwe tinasintha lamba wa tayimingi, pamene pa injini zimenezi amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo akaduka ali pa ulendo amawononga mavavu. Injini yotere kuiika turbo n'chimodzimodzi kumanga ng'ombe yowonda ya mu October pa ngolo ya matumba khumi.

Chachiwiri, galimoto yanga ndimayendetsa ndekha, ndipo ikawonongeka ndimalira ndekha. Ya gulu imayendetsedwa ndi anthu anayi. Ndani mwa anayiwo adzadikire mphindi zitatu asanazimitse, mvula ikugwa, nsima ikuzizira? Ndani adzaletse mnzake kugwira kasikuluwu? Ndalama zomwe zili m'bokosi si za achinyamata okha. Muli za amayi amasiye amene anapereka ndowa za mtedza, ndipo galimotoyi ikafa mwezi wa June kapena July, chimanga cha tonse tidzagulitsa pakhomo pa mtengo wa amene wabwera.

Maganizo anga ndi akuti ndalamazo zipite ku maringi, manozo, sefa, lamba ndi radiyeta, bomba ikatcheredwe pa makina, ndipo tigwirizane kuti matumba asapyole 20 pa ulendo. Mphamvu zambiri zomwe mukuzifuna zibwerera ndi zimenezi. Ngati chaka chamawa zokolola zidzatikomere ndipo mtima wa turbo ukadalipo, tidzagule injini yathunthu yomwe inabadwa ndi turbo, pamodzi ndi bomba yake, n'kukakonzetsa mapepala chifukwa nambala ya injini idzakhala yasintha. Achinyamata, sindikukutsekerezani. Amene akufuna kumva kamluzu kaja abwere Loweruka, ndikupita ku Malowera kukatenga mbewu, malo a anthu awiri alipo, ndipo mudzaone mmene singano ya utsi imathamangira pa mtunda.

Mutu wong'aluka uja sindinautaye, amayi a kunyumba amatsekera khola la nkhuku. Lero ndabwereka, uli m'thumba pakhomopo pamodzi ndi pisitoni yodyeka. Tisanavote aliyense adutsepo, mng'alu wake ndi waung'ono, muchite kupapasa ndi chikhadabo pakati pa mabowo awiri a mavavu. Mukatha mundibwezere, nkhuku zingagone posatseka.