Lamba wa Injini ndi Katundu Amene Amasenza

Pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, galimoto zimanyamuka zitasenza matemba, milamba ndi makumba kupita ku misika ya m'tauni. Omvera ambiri amaudziwa katundu wa pamwamba pa galimoto, koma nkhani ya lero ikukamba za katundu wina amene injini imasenza mkati mwake.

Kutsogolo kwa injini kuli gudumu limene amakaniko amalitcha pulley. Gudumuli limakoka lamba, ndipo lambayo amazunguza pampu ya madzi oziziritsa injini, fani, ndi alternator amene amadzaza batire. M'galimoto zina amazunguzanso pampu yofewetsa chiwongolero. Chilichonse mwa zipangizozi chimadya gawo la mphamvu imene ikadapita ku matayala.

Eni galimoto za mpikisano ku Ulaya ndi ku America anapeza njira yochepetsera katunduyo. Amachotsa gudumu la pa injini n'kuikapo laling'ono, lotchedwa underdrive pulley. Chiwerengero chake n'chosavuta. Ngati gudumu la pa injini ndi lotambalala masentimita 15 ndipo la alternator ndi masentimita 5, alternator amazungulira katatu pamene injini yazungulira kamodzi. Likachepetsedwa kufika masentimita 12, zipangizo zonse zimataya gawo limodzi mwa magawo asanu a liwiro lake. Mphamvu imene imapulumuka ndi yochepa, komabe pa mpikisano ndi yofunika, ndipo popeza injini zimenezo zimazungulira koposa ka 6,000 pa mphindi imodzi, pampu ndi alternator sizisowa liwiro.

Tsono pa msewu wa ku Kachulu zinthu nzosiyana. Galimoto yodzaza nsomba imayenda pang'onopang'ono m'fumbi ndi m'mabampu, injini ikuzungulira mofatsa, dzuwa la mu October likuswa mtengo. Imeneyi ndi nthawi imene pampu ya madzi iyenera kugwira ntchito mokwanira. Ikachedwetsedwa, madzi amawira m'injini; alternator akachedwetsedwa, batire limafooka ndipo nyali zimazilala usiku. Galimoto ikafa panjira, nsomba zaziwisi zimavunda, ndipo ndalama za msodzi, za wogulitsa ndi za mwini galimoto zimapita tsiku limodzi. Komanso gudumu limene injini zambiri zimabwera nalo lili ndi mphira mkati mwake wochepetsa kunjenjemera kwa chitsulo chachikulu chimene chimalizunguza. Magudumu ena opepuka alibe mphira ameneyu.

Chimene chingathandize woyendetsa wa kuno ndi kusamalira lamba yemwe ali naye. Lamba womangitsa amadya mabeyaring'i a pampu ndi a alternator, pamene wokhwepa amaterereka, amalira ndi kutentha. Wong'aluka asinthidwe msanga, ndipo wina watsopano asasowe m'galimoto. Madzi a m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ali ndi mchere, choncho asathiridwe mu rediyeta chifukwa amafulumizitsa dzimbiri.

Lamulo lomweli ligwiranso ntchito pa zigayo za dizilo za m'midzi ya kunyanja: kukula kwa magudumu awiri ndiko kumalamula liwiro la chigayo. Wofuna kusintha gudumu ayambe wafunsa makaniko wodziwa, pakuti akuluakulu adati safunsa adadya phula.