MAU A DOTOLO PA ZA NTHENDA YA M'CIBEREKERO YOCHEDWA CARCINOSARCOMA

Pa msonkhano wa caka wa Bungwe lino, atatha mau a Wapampando, Dotolo wa ku cipatala ca boma anaimirira nalankhula za nthenda ya amai imene ambiri sanamvepo dzina lace.

Poyamba anati khansa ya ciberekero siri ya mtundu umodzi ai. Imene imapha amai ambiri m'Malawi ndiyo ya pa khomo la ciberekero, ndipo ndi imeneyo anamwino amaifunafuna popaka viniga. Koma ziripo zina zomera m'kati mweni mweni, kumene viniga safika. Mwa izo imodzi ya zoopsa koposa ndi carcinosarcoma, ngakhale iri yosowa: mwa amai 100 odwala khansa ya m'katimo, oigwidwa nayo sakwana 5.

Dzinali liri la mau awiri, pakuti cotupaco ciri ndi minofu ya mitundu iwiri. Wina ufanana ndi khungu lofewa loyala m'kati mwa ciberekero, wina ndi mnofu wolimba. Ndipo nthawi zina oyesa amapezamo ngakhale cicerewecerewe kapena fupa, zinthu zosayenera kukhala m'malo amenewo. Kale anaicha malignant mixed Müllerian tumour, potsata dzina la Johannes Müller wa ku Germany, amene m'caka ca 1830 analongosola timitsempha timene ciberekero cimaumbika nato mwana asanabadwe. Ena anayesa kuti ndi nthenda ziwiri zokomana. Lero kwadziwika kuti muzu wace ndi umodzi: imayamba m'khungu loyala lija, ndipo mbali yace ina isandulika pambuyo pace.

Apa Dotolo anatsindika mau. Nthendayi imagwira makamaka amai osiya kale kusamba, a zaka zoposa 60, ndipo cizindikiro cace coyamba ndi mwazi. Mai amene anatha caka cathunthu osapita kumwezi, akaonanso mwazi, ungakhale wa madontho awiri okha pa nsaru, apite ku cipatala sabata lomwelo. Kumwezi sikubwerera muukalamba. Ena amatuluka madzi onunkha, ena amamva kuwawa m'cinena. Mwazi wotere kawiri kawiri umacokera ku zinthu zosaopsa, koma palibe angazisiyanitse ndi maso. Afunika kutapa kamnofu ka m'kati ndi kukayesa, monga acitira ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mai amene anamuuza kuti pa khomo pali bwino asakhazike mtima pansi ndi mau amenewo, pakuti kuyesako kunali kwa nthenda ina.

Cobvuta, anatero Dotolo, ndi manyazi. Mai wamkulu amene analangiza anamwali a mudzi wonse sangaulule za mwazi kwa mwana wace wamwamuna, komatu ndalama ya ulendo iri m'thumba la mwanayo. Cotero miyezi imapita, ndipo carcinosarcoma siidikira: mwa amai ambiri imapezeka itafalikira kale kunja kwa ciberekero. Anapempha mamembala kuti apereke ndalama ya basi osafunsa zambiri, ndi kuti nkhani ifike kwa amai okalamba podzera mwa akazi ao ndi alongo ao.

Za kuciritsa ananena mwacidule. Amacotsa ciberekero pamodzi ndi timatumba ta mazira, napima anabere a m'mimba; pambuyo pace apereka mankhwala a m'mitsempha, carboplatin ndi paclitaxel, ndipo ena amaocha ndi ceza. Popeza imakonda kubweranso, wodwala asaleke kukaonekera ku cipatala ngakhale adzimva wamphamvu.

Membala wina anafunsa ngati nthendayi idza ndi mdulo, kapena ngati mwamuna angaitenge. Dotolo anayankha kuti siipatsirana, ndipo siicokera ku kulakwa kwa munthu ali yense m'banja. Anaonjeza kuti amai onenepa kwambiri, amene anamwa tamoxifen cifukwa ca khansa ya m'mawere, ndi amene anaochedwapo ndi ceza m'cinena, ndiwo ayenera kucenjera koposa anzao.