NYAMAKAZI IMAGWIRANSO ANA

Ambirife timayesa kuti nyamakazi ndi nthenda ya nkhalamba zokha, chonsecho imagwiranso ana, ngakhale oyamwa. Kwathu kuno ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka malungo ndi ochuluka, kotero mwana akatentha thupi nayamba kutsimphina timangoti ndi malungo. Koma dziwani kuti malungo satupitsa bondo.

Kutupa kwa mfundo za mafupa mwa ana kulipo kwa mitundu ingapo. Itatu yofunika kuidziwa ndi iyi:

1. Mafinya m'mfundo. Tizilombo timalowa mu mfundo imodzi, kawirikawiri bondo kapena chiuno. Pamalopo pamatentha, mwana akana kuponda pansi, ndipo khanda limalira mukaligwira mwendo posintha thewera. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti mfundo imaonongeka m'masiku owerengeka.

2. Nyamakazi yotsata zilonda zapakhosi. Imakonda ana a zaka 5 mpaka 15, ndipo imayamba patapita milungu 2 kapena 3 chidwalire pakhosi. Ululu umasamuka: lero bondo, mawa chigongono. Mfundo zimachira, koma mtima ukhoza kuonongeka kwa moyo wonse. Jekeseni ya penisilini mwezi ndi mwezi imateteza mtimawo.

3. Nyamakazi yokhalitsa. Imayamba mwana asanakwanitse zaka 16, ndipo kutupa kumakhala milungu 6 kapena kupitirira. Mwana amauma mfundo m'mawa, nayamba kumasuka dzuwa likakwera. Ena imawagwira maso mwakachetechete, choncho maso ayenera kupimidwa. Siyopatsirana.

Kodi achipatala amazisiyanitsa bwanji? Choyamba adzakufunsani inu: kutupa kunayamba liti, mfundo zingati, kodi mwana anadwalapo pakhosi? Mayankho anu ndiwo chiyambi cha thandizo. Kenaka adzamvetsera mtima, kupima magazi, kujambula mafupa, mwinanso kukoka madzi a m'mfundo ndi jekeseni. Adzafufuzanso chifuwa chachikulu ndi nthenda ya siko selo, popeza nazonso zimapweteketsa mafupa. Akakutumizani ku chipatala cha Mua, cha boma ku Dedza kapena cha Kamuzu Central ku Lilongwe, musazengereze.

Musateme mphini pa mfundo yotupa, pakuti lumo limalowetsa tizilombo tina. Zilonda zapakhosi nazonso musazipeputse.

Kumbukirani, amayi: mwana wopita msanga kuchipatala apulumutsa mwendo ndi mtima womwe.