Tijambule nyumba zakale zisanagwe

 Ine sukulu sindidapite nayo patali, ntchito yanga ndi khasu basi. Koma lero sindikamba za mpunga kapena nandolo ayi. Ndabwera ndi pepala ili, liyende m'manja mwanu mosamala.

Mukuonayo ndi kantina yakale ya pamphambano ija, yomangidwa nthawi ya Apwitikizi. Adaijambula ndi mwana wanga wachisamba mu 2022, ndi utoto wosungunula ndi madzi umene kusukulu amati agwarela. Ndivomere pamaso panu, tsiku limenelo ndidamukalipira zedi. Ndidamutuma kukapirikitsa mbalame kumpunga, iye n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kumayang'ana bwinja. Ndidati, "Iwe, pepala limeneli tidzadya?"

Madzulo adakaonetsa agogo ake, bambo anga. Adaliyang'ana nthawi yaitali, kenako adati, "Mdzukulu wanga, chitsekochi chidali chobiriwira, ndipo pakhondepa padali sikelo." Mwanayo adakonza pomwepo. Bambo adayamba kusimba momwe ankaperekezera amayi awo kukagula mchere ndi nsalu ndi tindalama ta thonje lolima mokakamizidwa, komanso momwe malata adasasukira nthawi ya nkhondo. Ine ndidabadwira kothawa nkhondo ku Malawi, tidabwerera mtendere wa 1992 utabwera, koma nkhani zimenezi ndidali ndisanazimvepo. Chidawatsegula pakamwa ndi pepala lomwe ndinkalinyozalo.

Mu Malichi 2023, mvula ya namondwe Freddy idagwetsa zipupa zonse, njerwa anthu n'kutola. Mu 2024 bambo adatisiya. Chatsala ndi ichi chili m'manja mwanuchi.

Anzanga, nyumba zotchuka zili ndi ozisamala. Ku Ilha de Moçambique kuli katchalitchi komangidwa mu 1522, ndipo chilumbacho a UNESCO adachiika m'kaundula wa malo a mbiri mu 1991. Tchalitchi chachikulu cha ku Likoma adayamba kuchimanga mu 1903, ndipo alendo amachijambula. Nanga zathu kuno ku Mecanhelas? Makantina akale, nyumba za mishoni ku Mepanhira, siteshoni ya Entre-Lagos pa njanji imene idafika ku Malawi mu 1970, atijambulire ndani?

Wina anena kuti pajatu mafoni alipo. Zoona. Koma foni imagwera m'madzi, imabedwa, njala ikavuta timagulitsa. Ndiponso wojambula ndi foni amangodina n'kumapita, pamene wojambula pamanja amakhala pansi, amawerenga mazenera, amafunsa akuluakulu.

Ntchito yake siyovuta, mwanayo wandiphunzitsa. Umayamba ndi pensulo pang'onopang'ono. Kenako utoto wowala, wamadzi ambiri, n'kudikira uume usanapake wakuda. Poyera supaka kanthu, pepala lomwelo ndiye kuyera kwake. Utoto wogula ukasowa, katondo amapereka kufiira kwa njerwa, makala osinja amapereka mthunzi. Burashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga ngati mswachi. Pepala likhale lochindikala, lopyapyala limakwinyika.

Pempho langa kwa kalabu ndi ili. Mudzi uliwonse usankhe nyumba imodzi yakale, ana aijambule mvula isanayambe. Apite ndi gogo mmodzi, ndipo kuseri kwa pepala alembe dzina la malo, tsiku, ndi zimene gogoyo wanena. Mapepalawo alembi athu awasunge m'pulasitiki, patali ndi chiswe ndi chinyezi. Nkhani za kuseriko tizikaziwerenga pa wailesi, anzathu a makalabu ena amve nawo.

Makolo anzanga, mbalame azipirikitsa ndithu, koma mukamuona mwana wagwira pensulo musachite ngati ine.