Chikhalidwe cha Achewa ngati Phunziro la ku Yunivesite



Chaka ndi chaka, Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, Achewa amasonkhana kuno ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga wawo. Boma la atsamunda lidaletsa mwambowu mu 1934, ndipo udadzayambiranso mu 1984. Pa zaka 50 zimenezo mwambowu udasungika m'mitima mwa okalamba, omwe ambiri mwa iwo adatsikira kale kulichete. Tsono funso la lero nali: nzeru zimene akuluakulu otsalawa akusunga zidzapita kuti iwo akadzachoka, ndipo adzaziphunzitsa ndani?

Mbali ina ya yankho ili ku sukulu za ukachenjede. M'mayiko ambiri, moyo ndi chikhalidwe cha mtundu wa anthu ndi phunziro loima palokha, limene limasonkhanitsa akatswiri a mbiri, chiyankhulo, chipembedzo, nyimbo, malamulo ndi zofukula pansi. Amatero chifukwa palibe katswiri mmodzi amene angalongosole mwambo wonse payekha.

Kasiyamaliro ndi chitsanzo chabwino. Katswiri wa chipembedzo amafufuza chifukwa chake chilombochi chimatuluka pa maliro ndi pa bona. Wa chiyankhulo amatchera khutu ku mawu ophiphiritsa a m'nyimbo za amayi. Wa mbiri amafunsa mmene nyau zidalandirira zinthu zachilendo mpaka kubala Simoni ndi Maliya. Wa zachilengedwe amaona kuti m'midzi yambiri mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, kumene mwambo umaletsa kudula mwachisawawa. Aliyense amagwira mbali yake, koma chithunzi chonse chimaoneka iwo akakhala pamodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Ntchito yotereyi yabala kale zipatso. M'zaka za m'ma 1940, Samuel Josia Ntara adalemba Mbiri ya Achewa atamva kwa akuluakulu a m'midzi. Mbiri yapakamwa inkatchula Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, ngati malo a likulu la ufumu wa Maravi. Dr. Yusuf Juwayeyi atafukula pamalopo adapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China ndi zinthu za minyanga ya njovu, umboni woti Amaravi ankachita malonda ofika kutali. Zimene agogo ankanena pamoto, nthaka idazivomereza. Bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndipo mu 2006 lidaika zojambula za m'mapanga a Chongoni pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ku Mua, malo a Kungoni, omwe Bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa mu 1976, amasunga mbiri ya zilombo zambirimbiri. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi, ndipo ku Thyolo yunivesite ya MUST ili ndi Bingu School of Culture and Heritage.

Komabe pali zovuta ziwiri zosayenera kubisidwa. Choyamba, zambiri zolembedwa za Achewa zili m'Chingerezi, ndipo gogo amene adapereka nzeruzo sangathe kuwerenga zimene zidalembedwa za iye. Chachiwiri, sukulu imaphunzitsa poyera, pamene mwambo uli ndi zinsinsi zake. Za kudambwe ndi za kutsimba si zokambidwa m'kalasi. Wofufuza amene amaulula zimene adauzidwa mwachinsinsi amatsekera khomo onse obwera m'mbuyo mwake.

Choncho pempho likupita mbali zitatu. Mayunivesite a m'mayiko atatuwa agwirizane pophunzitsa za Achewa, popeza malire amene atsamunda adalemba sadadule mtunduwu. Ofufuza ayambe agogoda kwa mfumu, alemekeze malire amene eni mwambo aika, ndipo abweze zotsatira za kafukufuku wawo kumudzi m'Chichewa. Mafumu, anamkungwi ndi atsabwalo nawo atsegulire khomo ana awo ophunzira, ndipo sukulu ziwalandire ngati aphunzitsi enieni.

Mwana wa Mchewa amene walowa yunivesite asaone ngati kuphunzira za kwawo n'kubwerera m'mbuyo. Nkhani za malo, za chikamwini ndi chitengwa, za ufumu ndi za kulera mbumba zikufuna anthu odziwa malamulo a boma ndi mwambo womwe. Akuluakulu odziwa zimenezi akadali moyo, ndipo ena akhala pabwalo lino lero. Nthawi yokhala nawo pansi n'kuwafunsa ndi ino.

Yooo Gawa!