ZA KUYENDA NDI BWATO PA MADZI OSAYA A SHIRE



Tiyamika kuti mwatilola kuimirira pamaso panu, ngakhale ife ndife anthu a colembera, si a nkhafi ai. Mau athu ali pa njira ya bwato wa msodzi, pakuti njirayo irikutsekeka.

Mtsinje wa Shire, kucokera ku Chikwawa kufikira ku Chiromo kumene ukomana ndi Ruo, uli wosaya m'malo ambiri, makamaka mvula isanagwe. Ici si cacilendo. M'caka ca 1861 sitima ya Dr. Livingstone, dzina lace Pioneer, yofuna madzi akuya mapazi 5, inakhala yotsamira pamcenga kunsi kwa mudzi wa Chibisa masabata 5. Ndiponso njanji imene inafika ku Blantyre m'caka ca 1908 anaitsitsa kufikira ku Port Herald, ndiko ku Nsanje, cifukwa masitima anabvutika kufika ku Chiromo pa cilimwe. Koma pamene zombo zacitsulo zinakanika, bwato wosema unapita ndithu.

Unapita bwanji? Msodzi wokhwima awerenga madzi monga ife tiwerenga kalata. Pokhota mtsinje adziwa kuti pakuya pali kunja kwa khotolo, kumene gombe liri logumuka. M'kati mwace ndimo muunjikana mcenga. Akaona timafunde tating'ono pakati pa madzi osalala, kapena akakowa ataimirira kutari ndi gombe, adziwa kuti pamenepo bwato udzatsamira. Pamalo otere nkhafi iribe nchito. Aimirira kumbuyo natenga nsungwi yaitari, naponda nayo pansi. Ikamira m'matope aipotoza poizula, pakuti woikoka ndi mphamvu atsala m'madzi, bwato nupita wokha. Pokwera mtsinje atsata m'mphepete, m'mene madzi sathamanga. Sapita pakati pa mvuu ndi madzi akuya, popeza mvuu ikadzidzimuka ithamangira kuya, niphwanya ciri conse copingasa. Ndipo bwato ukatsamira pafupi ndi bango, safulumira kutsika kuti aukankhe, cifukwa ng'ona siifuna madzi ambiri kuti ibisale.

Nzeru imeneyi ndiyo ifikitsa makakana ndi milamba m'nyumba zathu kucokera ku dambo lalikuru limene Azungu analicha Elephant Marsh. Koma nzeru siikumba mtsinje. Madzi osefukira a m'caka ca 2015, ndi a namondwe Freddy m'caka ca 2023, anatsitsa mcenga wambiri wocokera ku mapiri opanda mitengo, nakwirira njira zina zimene asodzi anazidziwa kuyambira ubwana. Pa timifuleni totsala namasupuni waphimba. Ndipo ife tomwe tionjeza bvuto: wina alima dimba kufikira pamadzi peni peni, gombe nligwera mumtsinje, wina amanga mpanda wa miono yace kucokera tsidya lino kufikira tsidya lija, monga ngati mtsinje ndi munda wa amace. Mnzace akafika usiku ndi bwato wodzala nsomba, aboola mpandawo, ndipo m'mawa mlandu uli pabwalo la mfumu. Mafumu, milandu yotere muidziwa koposa ife.

Cinanso ndi mtengo. Bwato sulumikizidwa; ufuna tsinde limodzi lalikuru la mtondo, mbawa kapena nsangu, lokula zaka zambiri. Wosema lero ayenda ulendo wautari asanaupeze.

Cifukwa cace tipempha Mafumu agwirizane mau amodzi pa izi: womanga mpanda wa miono asiye khomo pakuya, lokwanira bwato kupita, wolima dimba asiye bango ndi mitengo ya pagombe, ndipo wodula mtengo wa bwato ayambe wapempha kwa mfumu, nabzale ina m'malo mwace. Tipempha Mlembi alembe pempho ili m'buku la msonkhano, kuti Mafumu akambirane ndi nyakwawa zao, natiyankhe pa msonkhano ulinkudza.