CHAKUDYA CHIMATSIKA KUCHOKERA PAMWAMBA

Mau athu achokera pa Masalimo 104, ndime 24 mpaka 28. Mukawerenge nokha. Pamenepo wamasalimo waima n'kumayang'ana nyanja, akudabwa kuti zamoyo zonsezi amazidyetsa ndani.

Sindikunena nyanja yathu ya chambo ndi usipa iyi, ayi. Ndikunena nyanja yamchere, ija mtsinje wa Shire umakathirako madzi ake kudzera mu Zambezi. Ine ndinaiona kamodzi ku Beira, nditapita kukalalikira. Ndinalawa madzi ake, n'kulavula! Ndiye lero tiyeni tilowemo limodzi, pang'onopang'ono.

Tiyambire m'mphepete. Pamatope pamamera mitengo ya mangrove, mizu yake ili m'madzi amchere. M'mizu imeneyo ndi mmene tiana ta nsomba ndi nkhanu timabisala mpaka titakula. Ukadula mitengoyo kuti uotche makala, msodzi wa kutali amabwerera ndi ukonde wopepuka. Kutsogolo pang'ono kuli udzu womera pansi pa madzi, kenako miyala ya korali. Amene aja si miyala wamba, abale. Amamangidwa ndi tizilombo tamoyo ting'onoting'ono, ndipo nsomba zamitundumitundu zimakhala mmenemo ngati mumsika wa Limbe.

Tsopano titsike. Ukafika mamita 200, kuwala kwachepa moti chomera sichingakule. Ukapitirira mamita 1,000, ndi mdima wa ndiweyani, usana ndi usiku chimodzimodzi, madzi ozizira ngati a mufiriji. Malo akuya kwambiri ali m'nyanja ya Pacific, amawatcha Mariana Trench, pafupifupi mamita 11,000. Phiri la Mulanje, pa Sapitwa paja, ndi mamita 3,002. Musanjike mapiri a Mulanje atatu mmenemo, sangatulukire pamwamba! M'chaka cha 1960 amuna awiri, Jacques Piccard ndi Don Walsh, anatsikako m'chombo chotchedwa Trieste.

Kodi kumdima kumeneko kuli zamoyo? Zilipo, aleluya! Zina zimayaka zokha ngati ziphaniphani. Mu 2022, kufupi ndi Japan, akatswiri anajambula kansomba kakusambira pa mamita opitirira 8,300.

Funso langa ndi ili: kopanda dzuwa, kopanda munda, zimadya chiyani? Mvetserani bwino. Pamwamba paja, pamene pali dzuwa, pamakhala ndere ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Zikafa, nyenyeswa zake zimamira pang'onopang'ono ngati gaga wouluka popeta, ndipo zimatenga masabata kuti zifike pansi. Zambiri za kumdima zimadya zimenezo. Ngakhale nangumi akafa, thupi lake limamira mpaka pansi, n'kudyetsa zamoyo za kumeneko kwa zaka. Sizinalionepo dzuwa, koma zimadya zimene dzuwa linakulitsa.

Mayi anga, inu amene amuna anu anamwalira, achibale n'kutenga katundu yense. Achimwene, inu amene ntchito inatha, lendi ikudikira. Mukuti, “Abusa, kuno ndili ine kuwala sikufika.” Sindikukanani. Mdimawo ndi weniweni, ndipo sindikunamizani kuti mawa m'mawa utha. Koma Iye amene sanaiwale kansomba ka pa mamita 8,300, akuiwalani inu? Wina anene kuti ameni!

Komatu mbali yachiwiri ya uthengawu ndi yowawa. Chakudyacho sichigwa mwamatsenga. Mulungu anakonza kuti za pamwamba zizidyetsa za pansi. Ndiye inu amene muli powala, amene mwadya kadzutsa lero, mukugwetsa chiyani kwa amene ali pansi panu? Wantchito wa pakhomo panu mwamulipira? Mwana wamasiye wa malemu achimwene anu, fizi yake ili pati? Mwina mayi uja akupempherera chakudya chimene Mulungu anachiika kale m'nkhokwe mwanu.

Ndipo dziwani kuti si chakudya chokha chimene chimamira. Pansi pa Mariana Trench pomwepo, makamera anajambulapo jumbo ya pulasitiki. Tangoganizani! Kumene kwafika anthu owerengeka okha, zinyalala zathu zafikako. Akamba a m'nyanja amameza majumbo poyesa chakudya, matumbo n'kutsekeka, n'kufa. Jumbo imene mwaponya mu Mudi mvula ikugwa, musaganize kuti yathera pomwepo. Mudi amathira mu Shire, Shire mu Zambezi, Zambezi m'nyanja yamchere. Mwininyanja adzatifunsa.

Sabata ino chitani ziwiri. Pezani munthu mmodzi amene ali pansi panu, mumutsitsire chakudya. Ndipo jumbo musaiponyenso mumtsinje.

Tiyeni tipemphere. Atate, Inu amene mumadyetsa za kumdima, kumbukirani mwana wanu amene akumva mau anga ali pansi. Tsegulani manja a ife amene tili powala. M'dzina la Yesu, ameni.